Kodi mapadi a mabuleki a pa mpikisano ndi oyenera galimoto yoyenda mumsewu wamba?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti ali ndi galimoto yaing'ono imene amayendera tsiku ndi tsiku, mapadi akutsogolo atsala pang'ono kutha, ndipo mnzake wamulangiza kuti agule mapadi amene amaikidwa pa magalimoto a mpikisano kuti galimoto iziima msanga. Wawonjezera kuti tsiku lina akutsika phiri lalitali anamva fungo la kupsa, mabuleki n'kuyamba kufooka. Akufuna kudziwa ngati malangizo a mnzakewo ali olondola.

Yankho langa kwa inu ndi lakuti musagule mapadi a pa mpikisano, ngakhale kuti vuto limene munakumana nalo paphiri paja ndi lenileni ndipo likufunika kulisamalira.

Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, pamene padi ikukhuzana ndi disiki. Padi iliyonse inapangidwa kuti izigwira bwino pa mlingo wina wake wa kutentha. Mapadi a pa mpikisano amagwira mwamphamvu akatentha kwambiri, kufika madigiri mazana angapo, chifukwa pabwalo la mpikisano woyendetsa amaponda mabuleki mwamphamvu pakona iliyonse ndipo mapadi sapeza mpata wozizira. Mumsewu wamba zinthu sizili choncho. Mumadzuka m'mawa, mumayenda mtunda wautali osaponda mabuleki, kenako mwana akudumpha msewu mwadzidzidzi. Pa nthawi imeneyo mapadi anu ndi ozizira, ndipo padi ya pa mpikisano ikakhala yozizira kawirikawiri imagwira mofooka kuposa padi imene inabwera ndi galimoto. Kuwonjezera apo imalira, imatulutsa fumbi lochuluka lodetsa mawilo, ndipo imadya disiki mofulumira.

Mfundo imene ambiri saiganizira ndi yakuti pa kuima kamodzi kwadzidzidzi, chimene chimalamulira mtunda umene galimoto iyende isanaime ndi matayala. Ngati mapadi amene muli nawo ali ndi mphamvu yochititsa ABS (chipangizo choletsa mawilo kumangika mukaponda mabuleki mwamphamvu) kuyamba kugwira ntchito, kapena yomanga mawilo pa galimoto yopanda ABS, ndiye kuti afika kale pamalire a zimene matayala angathe. Padi yamphamvu kuposa pamenepo singafupikitse mtundawo kwenikweni. Ubwino wa padi yopirira kutentha umaoneka mukaponda mabuleki mobwerezabwereza, monga potsika phiri kapena mutanyamula katundu wolemera.

Tibwerere tsono paphiri paja, chifukwa kufooka kwa mabuleki kuli mitundu iwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ngati chopondera chinali cholimba monga mwa masiku onse koma galimoto sinkafuna kuima, ndiye kuti mapadi ndiwo anatentha mopitirira malire ake. Koma ngati chopondera chinafewa n'kumalowa pansi, ndiye kuti mafuta a mabuleki anawira, ndipo kusintha mapadi okha sikungathetse vutolo. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi pakapita nthawi. Mafutawa ali ndi mitundu imene imadziwika ndi chizindikiro cha DOT ndi nambala: a DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 a Celsius, koma akayamwa madzi malirewo amatsika mpaka 155. A DOT 3 amachoka pa 205 kufika pa 140. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Chenjerani ndi DOT 5, amene ndi a silicone ndipo sasakanizidwa ndi enawa, pomwe DOT 5.1, ngakhale dzina likufanana, ali m'gulu limodzi ndi DOT 3 ndi DOT 4. Komanso potsika phiri lalitali muziika giya yotsika kuti injini izithandiza kugwira galimoto.

Mukatsimikiza kuti mapadi ndiwo anafooka, sankhani amene anapangidwira mumsewu koma opirira kutentha kuposa wamba. Mapadi a organic ndi ofewa, sachita phokoso ndipo sadya disiki, koma ndiwo amafooka msanga akatentha. A ceramic ndi aukhondo, fumbi lake ndi lochepa ndipo amakhalitsa, koma dzinalo lisakunyengeni kuganiza kuti ndi a liwiro. Ambiri anapangidwira bata ndi ukhondo. A semi-metallic, amene ali ndi zitsulo zambiri mkati mwake, amapirira kutentha bwino ndipo amagwira mwamphamvu, ngakhale amabweretsa fumbi ndi kaphokoso pang'ono. Kwa munthu wotsika mapiri ngati inu, ine ndingasankhe amenewa. Makampani monga Hawk, EBC, Ferodo ndi Brembo amapanga mapadi a mumsewu ndi a pa mpikisano omwe, motero dzina la kampani palokha silikuuzani kanthu. Werengani pabokosi kuti padiyo inapangidwira ntchito yanji.

Pali zizindikiro ziwiri zothandiza. Pa mapadi ambiri mumapeza zilembo ziwiri monga FF kapena GG. Chilembo choyamba chimasonyeza kagwiridwe ka padi pa kutentha kochepa, chachiwiri pa kutentha kwakukulu, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti padi imagwira kwambiri: E ndi 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55. Padi ya FE imafooka ikatentha, pomwe ya FF kapena GG imasunga mphamvu yake. Chizindikiro china ndi ECE R90, lamulo la ku Ulaya lofuna kuti padi yolowa m'malo isasiyane ndi yoyambirira ndi maperesenti oposa 15. Mapadi enieni a pa mpikisano kawirikawiri alibe chizindikiro chimenechi.

Posintha, sinthani mapadi a mawilo onse awiri akutsogolo nthawi imodzi, ndipo musaike mapadi olusa kwambiri kutsogolo pamene kumbuyo kuli ofooka, poti opanga galimoto anagawa mphamvu ya mabuleki mwadala pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Makaniko ayeze kukhuthala kwa disiki ndi kuyerekeza ndi muyeso wochepetsetsa umene umalembedwa pa disikipo. Mapadi atsopano amafunanso kuzolowerana ndi disiki: pamsewu wopanda anthu, chepetsani liwiro kangapo motsatizana kuchoka pa makilomita pafupifupi 80 pa ola kufika pa 20 osaima kotheratu, kenako yendani kwa mphindi zingapo kuti azizire. Ngati opanga mapadiwo alemba njira yawoyawo, tsatirani imeneyo. Mukaima n'kupitiriza kuponda mabuleki ali otentha kwambiri, padi imasiya chipsera pa disiki, ndipo chimenecho ndicho kawirikawiri chimadzachititsa chiwongolero kunjenjemera poponda mabuleki.