Goldstein wakukanikani? Mwayamba ndi buku lolakwika

Achimwene ena anditumizira imelo sabata ino. Akuti ali chaka chachiwiri ku yunivesite, akupanga fizikisi, ndipo semesita ino ayamba classical mechanics, phunziro la mmene zinthu zimayendera zikamakankhidwa kapena kukokedwa. Mnzawo anawapatsa buku la Goldstein ati ndiye lenileni, koma iwo akungozungulira pa chaputala choyamba osatolapo kanthu. Ndiye akufunsa kuti vuto ndi mutu wawo kapena buku, nanga awerenge liti?

Achimwene, mutu wanu uli bwinobwino. Buku la Herbert Goldstein lija linatuluka mu 1950 ndipo analembera anthu amene amaliza kale digiri yoyamba. Nchifukwa chake chaputala choyamba chokhacho amakokolola za Newton zonse mwachangu, kenako mwangoona wafika kale pa mfundo ya D'Alembert ndi ma equation a Lagrange, njira zina zowerengera kayendedwe ka zinthu zosiyana ndi ya Newton, zinthu zoti m'mabuku ena zimabwera mutadutsa machaputala angapo. Iyeyo amatenga ngati munaziona kale. Lisungeni, mudzalifuna kutsogoloku, koma pano ayi.

Buku la msinkhu wanu ndi Classical Mechanics la John R. Taylor, la 2005. Ine ndimalikonda kwambiri bukuli chifukwa mkuluyu sathamanga, amafotokoza ngati mwakhala naye pansi, ndipo akalowetsa masamu atsopano amayamba wakuuzani kaye kuti akufunika chifukwa chani. Amayambira pa malamulo a Newton omwe mukuwadziwa kale, kenako chinthu choponyedwa m'mwamba mphepo ikuchibweza, mphamvu, zinthu zogwedera ngati sipuling'i, ndiye pa chaputala 6 amakuphunzitsani calculus of variations, masamu amene njira ya Lagrange imatsamirapo, payokha musanafike kwa Lagrange pa chaputala 7. Njira inanso, ya Hamilton, imabwera mochedwa, chaputala 13. Mafunso ake ali ndi nyenyezi, imodzi ndi osavuta, zitatu ndi otulutsa thukuta, ndipo mayankho a mafunso a manambala a odi (1, 3, 5...) ali kumapeto.

Ndikuuzeni chifukwa chake chaputala 7 chili chofunika chonchi, mwina zikulimbitsani mtima. Tengani pendulamu, kamwala kolendewera pa chingwe. Mukatsata njira ya Newton muyenera kujambula mafosi onse, kulemera kwa mwala, kukoka kwa chingwe, nkumawagawa uku ndi uku, chonsecho kukoka kwa chingweko simukukufuna nkomwe, mukungofuna kudziwa mmene mwalawo uyendere. Lagrange, amene buku lake linatuluka mu 1788, patatha zaka 101 chitulukireni Principia ya Newton, amati sankhani engo imodzi yokha ya chingwecho, lembani kinetic energy (mphamvu ya kuyenda kwa mwalawo), chotsanipo potential energy (mphamvu imene uli nayo chifukwa cha pamene wakwera), zotsalazo muziike mu equation yake, basi yankho latuluka ndipo kukoka kwa chingwe sikuonekamo. Pa pendulamu imodzi mwina simuona kusiyana kwenikweni, koma yesani kumangirira ina kunsi kwa yoyambayo, mupange njira zonse ziwiri, mudzaona nokha. Ukazimvetsa izi tsiku loyamba umasangalala zedi, ndipo nzimene mudzakumane nazo mu quantum mechanics.

Komano dziyeseni kaye moona mtima. Ngati mukamva za polar coordinates (kuloza malo ndi mtunda ndi engo) mtima umagunda, kapena simungathe kufotokoza komwe fosi ya Coriolis, ija imaoneka ukakhala pa chinthu chozungulira ngati dziko, imachokera, bwererani pang'ono kwa Kleppner ndi Kolenkow, An Introduction to Mechanics. Linatuluka mu 1973 kuchokera ku kalasi ya chaka choyamba ku MIT. Mulibemo za Lagrange, makamaka ndi Newton koma wozama, ndipo gawo la zinthu zozungulira ndi gyroscope ndi labwino kwambiri. Ngati nalonso likulemera, palibe manyazi kutsegula Halliday ndi Resnick kapena Young ndi Freedman omwe mwina munagwiritsa chaka chatha.

Buku la David Morin wa ku Harvard, Introduction to Classical Mechanics, la 2008, ine ndimalitenga ngati nkhokwe ya mafunso. Ambiri ali ndi mayankho olembedwa sitepe ndi sitepe. Chenjezo langa ndi loti musathamangire kusuzumira yankho, limbanani nalo funsolo ngakhale madzulo onse, mukagonja muwerenge mzere umodzi wokha wa yankho nkutseka, mupitirize nokha. Kuwerenga yankho la wina kumanamiza, umaona ngati wamva, tsiku la mayeso cholembera osayenda.

Landau ndi Lifshitz wina akutchulirani ndithu. Nkabuku kochepa, masamba sakwana 200, kokongola, koma kamayambira pomwepo pa principle of least action, mfundo yozama imene ma equation a Lagrange amachokerako. Kadikireni mumalize Taylor.

Nkhani ya ndalama ndikuidziwa, mabukuwa ndi odula ndipo ku laibulale mwina kope ndi limodzi anthu kalasi yonse. David Tong wa ku Cambridge anaika manotsi ake pa intaneti mwaulele, yambani ndi Dynamics and Relativity kenako Classical Dynamics. OpenStax nayo ili ndi University Physics yaulele. Ma PDF a Tong sadya bandulo yambiri.

Ndiye pangani chonchi: Taylor akhale buku lanu lalikulu, chaputala 1 mpaka 8 semesita ino, Morin pambali wa mafunso. Ndipo ngati ma differential equation simunawagwire bwino, yambani ndi amenewo sabata ino, chifukwa chaputala 2 ndi 5 popanda iwo simudutsa.