Ndilembe chani pa mbiri ya bambo anga?

Zikomo Azakhali,

Bambo anga anatisiya chaka chatha ndipo mwezi wa mawa tikukavundukula chiliza kwathu ku Lunzu. Pa gulupu ya banja ya pa WhatsApp asankha ine kuti ndidzawerenge mbiri yawo poti ndine ndinkawadwazika, koma ndikangoti ndigwire cholembera misozi basi, mpaka pano ndalemba mizere itatu yokha, anabadwa, anakwatira, asiya ana 7 ndi zidzukulu 23. Ngakhale chaka chobadwa sitikugwirizana, pa ID analemba 1945 koma achimwene akuti ndi zongopeka. Munthu woti anatiphunzitsa tonse ndi ndalama za ku Joni ndi njinga yakapalasa mbiri yake ithere pamenepo zoona? Ndithandizeni.

Mwana wachisanu, Ndirande

Pepa mwananga, pepa ndithu. Misoziyo usaiope, amene anadwazika ndi amene amalira nthawi yaitali chifukwa anaona zonse.

Za chakacho musakanganirane. Makolo athu ambiri sanabadwire ku chipatala ndipo pa kalembera wa ma ID mu 2017 ambiri anangoyerekezeredwa zaka. Ngati anali a mpingo kafufuze khadi ya ubatizo, mwina ili mu sutikesi mwawo limodzi ndi mapepala a ku migodi. Ikasowa funsa akuluakulu kuti pa njala ya 1949 bambo anali msinkhu wanji, njala imene ija inavuta kwambiri dera la Blantyre, ku Lunzu konko, ndiye nkhalamba za kumeneko siziiwala kuti uje anali kumsana, uje ankatha kale kuyenda kukakumba zikhawo. Za ku Joni nazo zikuthandiza, ngati anapita pa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za ku migodi, ndiye kuti mwina ndi chisanafike chaka cha 1974 chifukwa chaka chimenecho ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70, Kamuzu nkuletsa Wenela kulemba anthu kuno. Zikakanikabe ungonena kuti anabadwa cha m'ma 1940, palibe angakudzudzule.

Koma mwananga nkhani yaikulu si chaka. Ine ndakhala pa maliro ndi pa ziliza zambiri ndipo mbiri zambiri zimamveka ngati munthu akufunsira ntchito, anaphunzira pakuti, anagwira pakuti, anali munthu wabwino wokonda anthu, anthu nkumangoyang'ana pansi. Mbiri imene imandikhudza ndi imene ndimamuona munthuyo. Iwe wandiuza kale za njinga. Inali ya mtundu wanji, ankanyamulapo chani, makala, chimanga, kapena iweyo pa kaliyala kupita nawe ku chipatala usiku? Bambo anga ine ankasunga ndalama ya fizi m'chitini cha Cowbell pansi pa bedi, atakulunga m'kapepala dzina la mwana aliyense, ndipo tsiku lotsegulira sukulu ankadzuka kusanache kusita okha mayunifolomu athu ndi simbi ya makala, amayi akuwaletsa iwo osamva. Pa chiliza chawo nditangotchula chitini chija achimwene anga aakulu, munthu wa imvi, analira ngati mwana.

Ndiye chita izi sabata ino, osati mawa mawa. Pita kumudzi ndi kashuga, ukakhale pa khonde ndi alongo awo kapena anzawo amene anatsala, uyatse foni urekode, uwasiye alankhule okha ngakhale asochere. Zidzukulu nazo uzifunse pa gulupu pomwepo, aliyense atumize voice note ya chinthu chimodzi chimene akukumbuka za agogo, kaya ndi nthano, kaya dzina limene ankamutchula, kaya mmene ankagawira nzimbe. Pa 23 paja sipangalephere kutuluka zitatu zinayi zogwira mtima.

Mbiriyo isatalike, mphindi zisanu zakwana poti a mfumu ndi a mpingo nawo ali ndi mbali yawo. Ukalemba uwawerengere kaye amayi ngati alipo ndi achimwene akowo, kuti pasakhale wodabwa pa tsikulo. Ndipo upemphe m'bale mmodzi adzaime pambali pako atagwira pepala lake, mawu akakutsamwa iye adzapitirize pomwe walekezera.

Azakhali