Kodi nsungwi zingapindulitse mlimi wa kuno ku Mzuzu?

Bambo wina wa cha ku Ekwendeni wandilembera imelo kufunsa ngati n'kwanzeru kudzala nsungwi zogulitsa pa maekala ake awiri, popeza wamva kuti zimakula msanga ndiponso kuti phindu lake ndi lalikulu.

Bambo, zakuti nsungwi zimakula msanga n'zoona, koma kukula sikukhwima. Mphukira ikatuluka m'dzinja imafika msinkhu wake wonse m'miyezi yochepa chabe, komabe imafunika zaka zitatu kuti ilimbe mokwanira kupangira mipando kapena kumangira. Phata lodzalidwa kumene nalo limatenga zaka zinayi kapena zisanu lisanayambe kupereka nsungwi zochuluka, choncho musachotse chimanga m'munda wonse. Ine ndikadakhala inu ndikadayamba ndi m'malire ndi m'malo otsetsereka amene nthaka imakokoloka, kenaka n'kumadzala nyemba kapena soya pakati pa mizere mpaka mthunzi utachuluka.

Nyengo yathu ikukukomerani, chifukwa mvula kuno imakhalitsa kuposa m'zigawo zambiri za dziko lino. Mtundu waukulu wotchedwa Dendrocalamus asper, umene unachokera ku Asia, umakonda chinyezi chotere, pamene nsungwi zathu zachikuda, Oxytenanthera abyssinica, zimapirira chilala koma n'zocheperapo thupi. Zazikuluzo zimafuna danga: mukatalikitsa mamita 7 mbali zonse, pa ekala mulowa mapando pafupifupi 80. Dzalani mvula ikakhazikika, thirani manyowa m'dzenje, ndipo zaka zoyambirira muchinge mbuzi ndi kulambula moto usanayambe m'tchire, chifukwa mphukira ikadyedwa nsonga, chaka chimenecho yatayika.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi msika, pakuti ambiri amadzala asanadziwe wogula. Musanagule mbande ngakhale imodzi, pitani mumsika wa Mzuzu mukacheze ndi oluka madengu ndi malichero, opanga mipando, omanga makola a nkhuku, komanso alimi a tomato amene amafuna timitengo tochirikizira mbewu zawo. Afunseni kuti nsungwi amazitenga kuti, amagula pamtengo wanji, ndipo amafuna zonenepa bwanji. Mukumbukirenso kuti nsungwi ndi katundu wamtali wodzaza galimoto msanga, kotero mtengo wonyamulira ukhoza kudya phindu lonse ngati munda uli kutali ndi msewu.

Podula, sankhani zokhwima zokhazokha, ndipo kuti musasokoneze, muzipaka penti wosiyana pa mphukira za chaka chilichonse. Dulani m'chilimwe, pamwamba penipeni pa mfundo yapansi kuti madzi asaime m'chitsa, chifukwa nsungwi zodulidwa zanthete kapena m'nyengo ya mvula zimafumbwa msanga, ndipo wogula amene mpando wake wasanduka ufa sabweranso.

Ngati maso anu ali pa makala, dziwani kuti lamulo la zankhalango, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna kuti wowotcha makala ogulitsa akhale ndi chiphaso cha nthambi ya zankhalango, ngakhale nsungwizo zili za m'munda mwanu. Kafunseni ku ofesi ya nthambiyi musanadzale, kuti mudziwiretu zimene adzafune kwa inu.