Tanthauzo la "the devil is in the details"

Mwafunsa ngati abwana anu amanena za Satana pomwe anati "the devil is in the details" atawerenga pulani yanu ya ntchito. Mtima m'malo, za ziwanda palibepo. Akutanthauza kuti pulaniyo ikuoneka bwino mukaiyang'ana patali, koma mavuto abisala m'tizinthu ting'onoting'ono tomwe simunatiunike.

Tiyerekeze ngongole ya K100,000. Wobwereketsa akuti chiwongoladzanja ndi 5 peresenti, inu n'kusaina. Ngati ndi pa chaka, muwonjezerapo K5,000 basi. Ngati ndi pa mwezi, ndipo akuwerengera pa ndalama yonse imene munatenga, miyezi 12 ikamakwana mwawonjezerapo K60,000. Kusiyana konseko kwagona pa mawu awiri okha, "pa mwezi", omwe mwina alembedwa m'tizilembo kumunsi kwa pepala. Ngakhale akatswiri amagwa nazo: mu 1999 bungwe la ku America loona za m'mlengalenga la NASA linataya chombo chake chopita ku pulaneti ya Mars, chotchedwa Mars Climate Orbiter, chifukwa gulu lina linkapereka miyezo ya mphamvu m'mapaundi (muyezo, osati ndalama) pomwe lina linkaiwerenga ngati ma newton, womwe ndi muyezo wina wa mphamvu.

Ena amafanizira mwambiwu ndi wathu uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akuyandikana ndithu, koma wa mkuyu umachenjeza za maonekedwe onyenga. Wachingereziwu sunena kuti wina akukupusitsani. Aliyense akhoza kukhala wachilungamo, chinthu n'kudzakanikabe pa tsiku lolipira kapena pa muyezo umene munthu sanautsimikize.

Polankhula, musasiye "the" onse awiri. Ku Britain mumva kawirikawiri "in the detail", ku America "in the details", ndipo zonsezi n'zolondola. Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri n'kuugwiritsa ntchito poyamikira munthu amene wagwira ntchito mosamala. Pamenepo woyenera ndi "God is in the details", umene anthu amaugwirizanitsa ndi katswiri wa mapulani a nyumba, Mies van der Rohe. Komanso "the devil is in the details" si mawu opempha tsatanetsatane; mukafuna kuti mulowe m'kati mwa nkhani, nenani "let's get down to the nitty-gritty".

Tsono kwa abwanawo musabwerere ndi pulani yatsopano. Tengani yomweyo, mulembemo madeti, mtengo wa chinthu chilichonse, amene adzachite gawo lililonse, ndi chomwe mudzachite katundu akachedwa kufika.