Achemwali, zithupsa zimenezi si uve

Mayi wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Zithupsa zimamutuluka m'khwapa ndi m'mphechepeche chaka ndi chaka, adokotala anamuuza kuti ndi hidradenitis suppurativa, ndiye akufunsa ngati mwana wake wamkazi adzatengere. Achemwali, funso lanu landilasa mtima, chifukwa nthenda imeneyi inenso ndili nayo.

Inandiyamba ndili ku sekondale yogonera konko. Anzanga ankati sindisamba. Ndinkadzikhula mpaka kusupuka, ndi madzi ozizira a mwezi wa Juni, inu a kuno ku Mzuzu mukuwadziwa. Azakhali ananong'oneza amayi kuti ndi chindoko. Agogo anati wina wandilodza, ndipo asing'anga ananditema mphini pambali pa zilonda zomwezo. Kuchipatala china ankangoboola, kufinya mafinya, kundipatsa mapiritsi, basi. Mpaka lero bulauzi yoyera sindivala, ndipo mu minibasi ndimakhala manja ali chopanikiza kuopa fungo. Zilonda zimapola, koma mawu a anthu aja amandipwetekabe.

N'chifukwa chake ndimawerenga kafukufuku wa ma gene, malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo, ngati kalata yochokera kwathu. Akatswiri amadula kachidutswa ka khungu lodwala ndi kena ka khungu labwino, n'kuyeza RNA, uthenga umene ma gene amatulutsa akamagwira ntchito, kuti aone ma gene amene akugwira ntchito mopyola muyezo ndi amene azilala. Pa khungu lodwala, oyambitsa kutupa monga TNF, IL-1 ndi IL-17 amakhala atakwera kwambiri. Maselo a chitetezo, ma neutrophil, ma B cell ndi ma plasma cell, amaunjikana m'zilonda zakale ndi m'timabowo toyenda pansi pa khungu. Ma gene a tiziwalo totulutsa thukuta ndiwo amazilala. Zonse zimayambira pamene pamamera cheya: pakatsekeka, pamaphulikira m'kati, chitetezo cha thupi n'kulusa osalekeza. Sopo angalowe pati pamenepa? Aliyense wouza wodwala kuti akasambe akumulakwira, kaya ndi mbale, kaya wavala yunifolomu.

Kudziwa kuti TNF ndi IL-17 zili m'kati mwa vutoli kunathandiza kuti mankhwala apezeke. Ku America adalimumab anavomerezedwa pa nthendayi mu 2015, secukinumab mu 2023. Koma ndi jakisoni wodula kwambiri, ndani wa ku Mchengautuwa angamukwanitse? Chimandiwawa china n'chakuti khungu loyezedwa lambiri ndi la anthu a ku Ulaya ndi America, chonsecho ku America komweko anthu akuda ndiwo amadwala kwambiri. Ndimalakalaka a ku yunivesite ya KUHeS kapena ya Mzuni atadzayeza lathu. Ine langa ndingapereke mawa lomwe.

Nanga mwana uja?

Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu ali ndi wachibale wodwalanso. Mu 2010 ofufuza anapeza kusintha kwa ma gene a gulu la mapuloteni lotchedwa gamma-secretase, monga NCSTN, m'mabanja ena a ku China odwala nthendayi, koma odwala ambiri alibe kusinthaku. Mwana atha kutengera, atha osatengera, ndipo simungamupatsire pomukumbatira kapena pomubwereka chitenje. Muzimuyang'ana akatha msinkhu. Chithupsa chikamabwerera pamalo amodzimodzi, pemphani kalata mukaonane ndi a za khungu ku Mzuzu Central Hospital, zipsera zisanachuluke. Fodya asamuyandikire, zovala zothina ayi, ndipo inunso musamafinye nokha kunyumba.