Sitolo yakale ya ku Jeppestown: nyundo idikire kaye

Mayi ena a kwathu andilembera imelo sabata yatha. Iwo ndi bambo a kunyumba agula kasitolo ku Jeppestown, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, komangidwa cha m'ma 1930, ndipo akufuna kukasandutsa nyumba yokhalamo. Akufunsa kuti: "Poti tagula ndi thukuta lathu, tingayambe kugumula makoma?"

Mayi, chonde dikirani kaye. Kuno lamulo la National Heritage Resources Act la 1999, gawo 34, limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba iliyonse yoposa zaka 60 popanda chilolezo. Sizitengera kuti nyumbayo ndi yotchuka kapena ayi, zaka zokha n'zokwanira. Ku Gauteng chilolezocho chimachokera ku PHRA-G, bungwe la boma loteteza nyumba ndi malo akale m'chigawochi, ndipo kumeneko ndiye koyambira.

Pezani wojambula mapulani wolembetsedwa ku SACAP (bungwe loyang'anira ojambula mapulani a nyumba ku South Africa) amene anagwirapo nyumba zakale. Musanakhudze kanthu, jambulani zithunzi paliponse: khonde lakutsogolo, mawindo amatabwa, siling'i yachitsulo yamaluwamaluwa, ndi pansi poyalidwa matabwa a Oregon pine. Ine zimandiwawa ndikaona siling'i ngati imeneyo itatayidwa pa mulu wa zinyalala, chifukwa kuipezanso n'kovuta. Pulani yosonyeza kuti nkhope ya nyumba musunga, ndipo mukungowonjezera bafa ndi khitchini mkati, imamveka bwino kwa oweruza pempho.

Kenako funsani ku khonsolo ya Johannesburg kuti pulotiyo inalembedwa ya ntchito yanji pansi pa Land Use Scheme ya 2018, malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo mumzindawu. Ngati zoning yake (ntchito imene pulotiyo inalembedwera) silola kukhalamo, mudzapempha kuti isinthidwe, ndipo aneba amapatsidwa mpata wotsutsa. Apa pamadya miyezi, konzekerani kulipirabe lendi kumene muliko. Werenganinso title deed, nthawi zina mumabisala ziletso zakale.

Mapulani omangira amavomerezedwa ndi khonsolo, ndipo ntchito ikatha mumalandira occupancy certificate, pepala lovomereza kuti anthu angakhalemo. Pepala limeneli musalipeputse. Moto wa m'nyumba ya Usindiso pa Albert Street ku Johannesburg, mu Ogasiti 2023, unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Mawaya a magetsi a m'nyumba yakale asinthidwe ndi katswiri wovomerezeka, ndipo khomo lothawira likhalepo ana anu asanagonemo ngakhale usiku umodzi.

Mukapeza kalata ya zoning, nditumizireni tiione limodzi.