Chitseko cha Probox chatsika, ndisinthe ndekha mahinjesi?

Funso: Ndili ndi Probox yonyamula anthu pakati pa Nchalo ndi Ngabu, tsiku lina ndimafika mpaka Bangula. Chitseko cha dalaivala chatsika, kuti chitsekeke ndimachita kuchinyamula kaye kenako nkumenyetsa. Amakaniko akuti ndisiye galimoto tsiku lonse asinthe mahinjesi. Sindingasinthe ndekha pakhomo ndalamayo nkutsala m'thumba?

Yankho: Mungathe achimwene, ntchito yake siyoopsa ayi. Koma tiwerengere kaye, chifukwa apa chodula kwenikweni si hinjesi, ndi tsiku limene galimoto yaima. Tengani ndalama imene imatsala madzulo mukachotsa mafuta, muyerekeze ndi imene amakaniko akutchaja. Mukakonza nokha Lamlungu masana anthu ali ochepa pa siteji ndiye kuti mwapulumutsa zonse ziwiri, koma mukamasula Lolemba m'mawa nkupeza kuti mwagula hinjesi yolakwika, galimoto igona masiku awiri chitseko chili pa jeke anzanu akudya makasitomala anu.

Musanagule kanthu yesani izi. Tsegulani chitseko pang'ono, gwirani kunsi kwake nkuchikweza. Chikamagwedera pa hinjesi penipeni ndiye kuti pini ndi mabushi zadyeka, imeneyo ndi ntchito ya pakhomo. Koma mukaona kuti chitsulo cha bodi pamene pamangidwa hinjesi chikusuntha nawo, kapena pali mng'alu ndi dzimbiri, siyani, pitani kwa owotcherera. Izi ndimaziona kwambiri pa magalimoto amene analowa m'madzi nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, kunja penti ili bwino koma mkati dzimbiri ladya.

Pogula ndipomwe ambiri amaluza. Hinjesi yam'mwamba ndi yam'munsi sizifanana, komanso muwauze ogulitsa kuti ndi ya mbali ya dalaivala. Jambulani yakaleyo pa foni, lembaninso chesisi nambala. Musakwere Thabwa kupita ku Limbe kapena ku Ndirande chifukwa cha kachitsulo kamodzi, thiransipoti yokha ikhoza kuposa mtengo wa katunduyo, tumani mnzanu wa minibasi amene amapita tsiku ndi tsiku, kapena dikirani ulendo umene mukagulenso oilo ndi mabuleki. Mukamagula ya sekandi muigwedeze m'manja, pakuti chitseko cha dalaivala ndi chimene chimatsegulidwa kwambiri pa magalimoto ambiri, ndiye mutha kugula matenda omwewo mwawasiya kunyumba. Ndipo mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikapanda kukwana mubweza.

Tsiku lokonza imikani galimoto pamalo osapendekeka, pamthunzi, dzuwa la kuno mukulidziwa, sipanala imatentha osagwirika. Ikani jeke kunsi kwa chitseko, pakati pake thabwa ndi chinsalu kuti penti isakandike, ndipo pakhale munthu wina wogwirizira chifukwa chitsekochi ndi cholemera kuposa mmene chimaonekera. Lembani ndi maka mozungulira hinjesi yakale kuti yatsopano ikhale pomwepo. Ma Toyota ambiri mabawuti ake amafuna sipanala ya 12. Sinthani imodzi imodzi, osamasula zonse pakamodzi, potero mawaya a mawindo amene amadutsa mu kalabala kaja sakokeka, amenewo akaduka mwaitana wamagetsi, ndalama inanso. Mabawuti musamangiretu, tsekani chitseko pang'onopang'ono muone ngati mpata uli wofanana m'mwamba ndi m'munsi, kenako mangitsani. Mabawuti a mbali ya bodi nthawi zina amabisika kuseri kwa fenda, mukaona kuti sipanala sikufika musakakamize mpaka mutu wa bawuti kudyeka. Apo bola kulipira makaniko wa pa Nchalo pompo akuthandizeni gawo lokhalo.

Ena amangosuntha kachitsulo kokolera loko kaja kuti chitseko chizitsekeka, ine ayi sindivomereza. Chitseko chimapitirirabe kutsika, loko imadyeka, labala imang'ambika, fumbi ndi mvula nkumalowa, ndiye mmalo mwa hinjesi imodzi mukugula zinthu zitatu. Komanso pasenjala akaona dalaivala akulimbana ndi chitseko chake amakwera ya mnzanu, osanenanso za tsiku lokapangitsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Chimene chandikhudza m'funso lanu ndi choti kavuto kakang'ono ngati aka kakuchita kukuimitsani mutu, zikuonetsa kuti ndalama yokonzera galimoto mulibe payokha. Madzulo aliwonse musanafike kunyumba patulani kachigawo muike pa Airtel Money kapena Mpamba, kamene sikakhudzidwa ndi za ndiwo ngakhale za maliro. Hinjesi si chinthu chotengera katapila. Ngati galimotoyo ndi ya abwana, auzeni musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe ndipo musunge lisiti, apo ayi mudzakangana pa tageti, ndalama imene munagwirizana kuti muziwapatsa.

Mukamaliza pakani girisi pang'ono pa pini nkupukuta yotsala kunja, chifukwa fumbi la mumsewu likamatirira pa girisi limadya bushi ngati sandipepa.